Dimba Lomwe Silinkakhuza Maliro

Anthu kuno akamatchula chaka chimene chija amati chaka cha mango owiritsa. Ine ndimachikumbukira ndi kaphokoso. Kapampu kathu kankalira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo, kuyambira dzuwa likafika padenga mpaka litapendeka. Mpaka lero ndikalowa m'golosale pa Lirangwe n'kumva firiji ikung'ung'udza, ndimaiwala chomwe ndabwerera.

Okutobala

Kwathu ndi ku Mdeka, koma ndinatengedwa kudzakhala kwawo kwa amuna anga, bambo a Tamanda, m'mudzi wina kuseri kwa Lirangwe. Tamandayo anali atakwatiwa kale m'tauni, ndiye pakhomo tinalipo awiriwiri. Chaka chimenecho chifuwa chachikulu chinawabwerera bambowo kachiwiri. Kuchipatala anatipatsa mankhwala ndi mawu amodzi: mankhwala okha sachiritsa, munthuyu azidya. Ananena mopepuka ngati kudya kumagawidwa pawindo lomwelo.

Nkhokwe yathu inali itapumula kale mu Seputembala, ndipo sitinali oyamba. Chotsala chinali kadimba ka kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chitsime chimene apongozi anga anakumba kalekale m'mphepete mwa dambo. Madzi analimo, vuto linali wothirira. Bambo a Tamanda akanyamula keni imodzi ankakhosomola mpaka kukhala pansi. Ine ndinali nditayamba ganyu yochapa ku Chileka, kwa alamu anga, mlongo wawo wa bambowo, amene amaphunzitsa pa sukulu ya mishoni, komanso m'makomo a anzawo. Minibasi inali itakwera mtengo moti ndikapita ndinkagona konko masiku angapo.

Tsiku lina masana tili pamkeka pansi pa mtengo wa mango, bambowo anayang'ana kumwamba nthawi yaitali.

"Mayi a Tamanda, dzuwa likutiotchali, bwanji tililembe ganyu?"

"Mulilipira chiyani?"

"Limeneli silifunsa malipiro."

Ali mnyamata anagwirapo ntchito pa famu ya ndiwo zamasamba ku Chileka, komwe mbewu zinkamwa madzi odontha m'mapaipi. Nzeru imeneyo inangokhala m'mutu zaka zonsezi, ikudikira njala. Alamu anali ndi sola yakale imene anaiponya padenga la khola la nkhuku magetsi atawafikira. Ndinaipempha, ndinaisenza pamutu mpaka pa siteji, kondakitala n'kufuna kuilipiritsa ngati munthu. Kapampu tinagula kogwirapo kale ntchito kwa bambo wina wokonza mawailesi. Mbuzi yathu yomaliza inapita pamenepo. Mgolo tinaupeza kwa mayi wina amene anasiya kutcheza kachasu atalowa mpingo, ndipo masabata oyamba dimba lonse linkanunkha ngati Loweruka.

Womanga ndinali ine, bambowo ankalamula ali pamkeka. Ndinaunjika njerwa mpaka m'chifuwa, n'kuikapo mgolo. Kapampu ndinakakulunga mu neti yakale ya udzudzu kuti kasameze matope, n'kukatsitsira m'chitsime ndi chingwe. Paipi imodzi inkakweza madzi kupita mumgolo, ina inkabwezera m'chitsime mgolo ukadzaza. Kuchokera pansi pa mgolo tinayala timapaipi takuda m'mizere, tija amadutsitsamo mawaya a magetsi. Mabowo ndinkaboola ndi sipoko ya njinga yootcha pamoto, bowo lililonse pomwe padzakhale mbewu, kenako n'kumangapo kansanza kuti madzi asathamange koma azidontha. Polumikiza paliponse ndinkakulunga ndi malegeni. Mabowo oyamba ndinaboola aakulu kwambiri, mgolo n'kutha tiyi asanawire.

"Mukuboola ngati mukukwiyira munthu," anatero bambowo. "Ingogunditsani."

Titalumikiza mawaya, kapampu kanayamba kulira pompo. Ndinafunsa kuti nanga pozimitsira pali pati.

"Switchi ndi ya anthu olemera. Dzuwa likatuluka kadzuka, likalowa kagona. Mukufunanso chiyani?"

Sindinafunenso kanthu. Tinabzala mpiru, chayinizi, matimati, therere ndi mizere ingapo ya chimanga cha mondokwa.

Novembala

Mvula yoyamba inagwa bwino, ya fungo lake, ndipo tonse tinathamangira kuminda ndi kambewu komwe aliyense anapeza. Ena anabzala chimanga chogula pamsika chomwe chinayenera kupita kuchigayo. Feteleza tinkangomumva m'wailesi.

Anthu ankabwera kudzaona dimba lothirira lokha. Amene ankabwera kawirikawiri ndi a Fulaye, mnzawo wa bawo wa bambo a Tamanda kuyambira ali anyamata. A Fulaye ndi amene ankatsogolera adzukulu, anyamata okumba manda m'mudzi mwathu. Dimba lawo linali kumunsi kwa dambo lomwelo, ndipo ankalithirira ndi makeni awiri, m'mawa ndi madzulo, mapewa atachita zikanga.

"Aise, ulesi wako wafika pa yunivesite," anatero tsiku loyamba, atanjuta akuyang'ana kansanza kakudontha.

"Dikira uone matimati ake."

"Ndidzadya nawo. Koma kameneka kakadzayamba kuphikanso nsima, mlamu wangayu umubweze ku Mdeka."

Kumapeto kwa mweziwo kunamwalira gogo wina wa kumtunda. Kwathu kuno uthenga wa zovuta ukamveka, khasu limagona, keni imagona, mpaka malemu ataikidwa. Sipafunika wokuuza. Wopezeka kumunda pamene anzake ali pasiwa amadziwa yekha chomwe wadzikumbira. M'mawa mwake tikukonzeka kupita kukakhuza, kapampu kanayamba nyimbo yake. Tinayang'anana. Pomanga paja palibe anaganizapo za maliro. Bambo a Tamanda anatenga chiguduli n'kuvundikira sola ija, kaphokoso n'kuzima ngati wakatseka pakamwa. Tinaseka panjira, tikuti nakonso kakhuza. Nthaka inali yonyowa ndi mvula, ndiye dimba silinadandaule.

Disembala

Chimanga kumunda chinafika m'mawondo, chachikasu koma chamoyo. Pamsika mtengo unkasintha uli pamzere: wam'mawa wina, wamadzulo wina. Anthu anasiya kufunsa za ndowa, n'kuyamba kufunsa za kambale, kenako za timapepala ta ufa tija timati wokumani. Madeya omwe kale tinkapatsa nkhuku anayamba kuyezedwa ndi kapu.

Ife tinkapuma pang'ono. Ndikabwera ku Chileka ndinkathyola mpiru, kumanga m'timitolo, kukagulitsa pa Lirangwe, n'kubwera ndi wokumani mmodzi kapena awiri. Ndikachoka, bambowo ankayenda okha mapazi ochepa aja, kuthyola masamba, kuphika. Masaya anayamba kubwerera. Pa Khirisimasi tinadya matimati oyamba, ndipo a Fulaye anadzatenga awo monga ananenera.

Januwale

Mvula inadula chaka chitangoyamba. Mitambo inkasonkhana cha ku Chileka masana aliwonse, kuchita mdima, kugunda, kenako n'kubalalika ngati msonkhano wopanda zakumwa. Chimanga chinapota masamba n'kuoneka ngati anyezi. Chomwe chinapirira dzuwa chinadyedwa ndi ntchemberezandonda. Tinkathira dothi ndi phulusa kunsonga, ena sopo, ena msuzi wa usipa kuti uitane nyerere. Mbozizo zinkanenepa zokha m'mudzi monse.

Njinga za makala zinachuluka pamsewu wopita ku Blantyre, ndipo mitengo ya kuphiri inatha tikuona. Ena anagulitsa malata a padenga. Amuna angapo ananyamuka kuti akukafuna ganyu ku Mozambiki, ena mwa iwo sitinawaonenso. Ana ankagwetsa mango osakhwima, amayi n'kuwiritsa, ndiye chakudya cha tsikulo.

Kenako maliro anayamba kutsatana. Palibe ankati wafa ndi njala. Ankati malungo, kutsegula m'mimba, kuthamanga kwa magazi, ukalamba. Tikaika uyu lero, mawa masamba ali kale pamsewu pena. Sabata ina chiguduli chinakhala pa sola paja kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, chifukwa maliro atatu anagundana. Madzulo ndikachivundukula dzuwa linali litapita kale, kapampu n'kungoti ng'u kamodzi, basi. Ndikanatha kutunga ndi keni mobisa, koma kumeneko ndiye kukanakhala kugwira ntchito ndi manja anga, pamaso pa dambo lonse.

Loweruka ndinapeza chayinizi chitagona pansi ngati chochapa. Matimati anayoyola maluwa. Zogulitsa panalibe, ndiye ufanso panalibe. Bambo a Tamanda anamwera mankhwala mango owiritsa masiku awiri, n'kusanza zonse, mango ndi mankhwala omwe. Ndinawasambitsa tsiku limenelo ndipo nthiti zinali poyera.

Uthenga wotsatira utamveka, mwana wa kutsidya kwa dambo, ndinatenga chitenje changa n'kupita kukakhuza monga mwa masiku onse. Chiguduli ndinachisiya pomwe chinali, pa msomali.

Febuluwale

Kaphokoso kaja sikanali kakakulu, koma m'mudzi wa maliro mumakhala zii. Odutsa m'njira ya kumanda ankakamva. Pasiwa palibe ananena kanthu, kungoti mayi amene ndinakhala naye pafupi anasuntha pang'ono.

Ndinkadziuza kuti sindikulakwa. Manja anga anali pamaliro, miyendo yanga inali pamaliro, ndinkatunga madzi, kusonkha moto, kuimba nawo. Amene ankathirira ndi dzuwa, ndipo dzuwa palibe analiletsapo kutuluka tsiku la zovuta. Pa maliro aliwonse ndinkanyamula mtolo wa mpiru. Pena ankalandira. Pena ndinkaupeza madzulo uli pomwe ndinausiya, utafota, anthu akudyera mchere.

Mphekesera zinayamba. Ena ankati mumgolo muja muli ndondocha imene imatitungira madzi. Ena ankati n'chifukwa chake mwamunayo sakuchira, ndikumudyera masuku pamutu. Mwezi womwewo kunabwera olemba mayina a thandizo la chimanga. Thumba limodzi linkagawidwa mabanja angapo, kuyeza ndi mbale pabwalo, anthu maso ali pa dzanja la woyeza. Dzina lathu silinalembedwe. Anati ife tili ndi makina.

A Fulaye anasiya kubwera ku bawo. Atabwera, anabwera madzulo ena akuchokera kumanda, dothi lofiira lili m'miyendo. Anakana mpando, n'kunjuta pafupi ndi mkeka wa mnzawo. Anali ataonda mpaka lamba anamuboola bowo latsopano.

"Mlamu, ndabwera ndekha, sanandituma munthu," anatero akuyang'ana ine. "Dimba langa mwaliona?"

Ndinali nditaliona. Linali litauma lonse, mapesi a matimati ali gwa ngati tsache.

"Ine mwezi uno ndakhala kumanda kuposa kunyumba. Anyamata anga chimodzimodzi. Tikamakumba, zathu zikuuma. Tikamabwerera, tikudutsa apa, kanthu kanuka kakuimba, masamba ali biliwiri. Ndiye anyamata akundifunsa kuti, kodi maliro ndi a anthu opanda sola okha?"

"A Fulaye, ine pamaliro sindijomba."

"Inu simujomba. Dimba lanu ndi lomwe limajomba."

"Ndikavundikira, awa adya chiyani?"

Anayang'ana mnzawo, kenako pansi.

"Funso limenelo aliyense ali nalo kunyumba kwake. Maliro n'kulirana, mlamu. Ine ndangoti ndinene kusanade."

A Fulaye anapita nkhuku zikulowa. Kenako bambo a Tamanda anati, "Mayi a Tamanda, muzivundikira."

"Ayi."

"Ine ndi wa pano. Amayi ali kumsitu kuja, abambo ali komweko. Ndidzafuna anthu ondinyamula."

"Mukufuna okunyamulani, kapena mukufuna kudya?"

"Zonse ziwiri," anatero, n'kuseka mpaka kukhosomola.

"Zonse ziwiri sindingathe. Ine ndasankha kudya."

Mphamvu yokwera pomwe panali sola analibenso, ndiye nkhani inathera pomwepo. Sindinganene kuti mtima unkandipweteka. Masiku amenewo sindinkamva kanthu. Ndinkadzuka, kuyendera mizere, kutsegula ndi minga mabowo otsekeka ndi ndere, kusintha tinsanza toola, kupukuta fumbi pa sola, kuphika, kuwamwetsa mankhwala. Ku Chileka ndinasiya kupita. Uthenga wa zovuta ukamveka, ndinkatenga chitenje n'kupita, kapampu kakulira kumbuyo kwanga.

Malichi

Mvula inabwerera pang'ono, yochedwa, yothandiza udzu. Nkhwani ndi chisoso zinayamba kupezeka. M'dimba mwathu mondokwa wobzala kachiwiri unali utabereka ndevu, matimati achiwiri ali mbwee. Ndinkawerengera kuti tikafika Epulo ndiye kuti tawoloka.

Bambo a Tamanda anamwalira pakati pa mwezi, m'bandakucha, mwakachetechete ngati munthu wosafuna kuvutitsa. Ndinawatseka maso, ndinawafunditsa, n'kupita kukagogoda kwa oyandikana nawo. Ndinalira mokweza chifukwa ndi momwe uthenga umayendera, koma m'maso munali mouma.

Amayi anabwera, osati ambiri, koma anabwera. Alamu anafika ndi minibasi yoyamba kuchokera ku Chileka. Tinali m'nyumba, thupi lili pakati, nyimbo ya mpingo ikuyenda pang'onopang'ono, pamene dzuwa linafika padenga. Kapampu kanayamba. Kanamveka bwinobwino kudzera pawindo, pansi pa nyimbo. Amayi ena anasiya kuimba.

Alamu anandinong'oneza, "Alamu, kanthu kaja."

Ndinamva mawuwo koma miyendo sinamve. Anatuluka okha, n'kuvula chitenje chapamwamba, kukavundikira. Kunja kunati zii.

Dzuwa linakwera. Nthawi imeneyo adzukulu amakhala atapita kale kumanda, ndipo amayi amakhala akukonza zowatumizira. Koma athu anali pansi pa mtengo wa mango, makasu ndi mapiki ali pambali, atakhala. Sankalankhula, sankaseka. Anangokhala.

Alamu anapita kukalankhula nawo, n'kubwera maso ali psuu. Anati akauza abusa kuti achinyamata a mumpingo akakumbe. Mayi wina anawakumbutsa mofatsa kuti achinyamata a mumpingowo ndi omwe akhala pansi pa mtengowo.

Namfedwa satuluka m'siwa, koma ndinatuluka. Ndinakagwada patali pang'ono ndi a Fulaye. Maso awo anali otupa. Ndinadziwa kuti iwo ndiye analira zenizeni.

"A Fulaye, ndabwera."

"Takuonani, mlamu. Taonanso kuti lero mwavundikira."

Mnyamata wina kumbuyo anati, "Lero poti ndi awo."

A Fulaye anamukwezera dzanja kuti akhale chete. "Uyu wagona m'nyumbamu ndi mnzanga. Ndikumba ndekha ngati kuli kutero, ngakhale zinditengere masiku awiri. Koma anyamatawa sindingawakakamize. Ena aika ana awo mwezi wathawu kanthu kanu kakuimba. Komanso kunena zoona sanadye. Nthaka yake mukuidziwa."

"Akufuna chiyani?"

"Akuti dimba lija lajomba maliro ambiri. Lero likhuze."

"Likhuze bwanji?"

"Lonse. Lidyetse anthu pano, chotsala chipite m'makomo momwe munagwa zovuta. Pasatsale choti mawa wina adutse n'kuona chobiriwira."

Alamu anayamba kunena kuti zimenezo si chilungamo, mayiyu adya chiyani, koma mawu awo ankamveka ngati akuchokera kutsidya la mtsinje. Ndinaganiza za mondokwa, kuti unatsala masabata awiri okha. Kenako ndinaganiza kuti amene ndinkamusungira mondokwayo ali m'nyumba, nsalu ili kumaso.

"Kazuleni," ndinatero.

Ndinabwerera m'siwa n'kukhala pomwe ndimaona pawindo. Analowa amayi ndi malichero, anyamata ndi zikwanje. Mpiru sanathyole masamba, anazula ndi mizu. Matimati anatenga ofiira ndi aawisi omwe. Mondokwa anadula wonse, wina njere zisanalowe n'komwe, ana n'kumatafuna mapesi ngati mizimbe. Panalibe wokuwa kapena wotukwana, ankagwira ngati ntchito ina iliyonse ya pamaliro. Mnyamata wina anaponda paipi n'kuithyola. Akazi awo a a Fulaye anamukalipira, n'kuyamba kunyamula timapaipi tija kamodzikamodzi, kutiika pambali bwinobwino kuti tisapondedwe. Ndinkayang'ana zonsezo ngati zikuchitika pakhomo pa munthu wina. Chomwe ndinaganiza n'chakuti therere akulidula molakwika.

Alamu anagula ufa pa Lirangwe. Adzukulu anadya, ananyamula makasu, anapita. Manda anatha dzuwa litapendeka, ndipo anali akuya bwino, a Fulaye anaonetsetsa. Anthu anachuluka masana kuposa m'mawa. Bokosi linanyamulidwa ndi manja ambiri, kulandirana njira yonse mpaka kumsitu, moti silinagwedezeke. Anawaika pafupi ndi amayi awo.

Epulo

Titasesa, alamu anatenga chitenje chawo pobwerera ku Chileka. Sanaganize kanthu, chinali chitenje chawo. M'mawa mwake kapampu kanayamba, mgolo unadzaza, madzi n'kumatuluka pa paipi yothyoka ija kuthirira dothi lopanda kanthu. Ndinakasiya choncho masiku angapo. Pomwe pankanyowapo panamera bonongwe yekha, ndipo ndi amene ndinadya mwezi umenewo, pamodzi ndi maungu omwe anthu anayamba kundisiyira pakhonde osanena kuti achokera kwa yani.

Tamanda anandiuza kuti ndipite ndikakhale naye m'tauni. Abale anga anati ndibwerere ku Mdeka. Ndinati ndiganize kaye, ndipo ndikuganizabe.

Meyi

Tinakolola. Munda wonse unatulutsa zitsononkho zosadzaza ngolo, zambiri zonga chala. Ena sanapite n'komwe kukakolola, anangolowetsamo mbuzi za anthu omwe anali nazobe. Mtengo pamsika unatsika pang'ono, anthu anayambanso kupatsana moni wautali. A Fulaye anabwera tsiku lina ndi malegeni, n'kulumikiza paipi inathyoka ija osalankhula zambiri. Ndinawapatsa madzi akumwa. Za tsiku lija sitinazitchule, ndipo sitinazitchulepo mpaka pano.

Ndinayalanso mizere, ndinabzalanso mpiru. Masiku ano uthenga wa zovuta ukamveka ndimavundikira ndisanatsuke n'kumaso komwe. Sikuti ndinaphunzira kanthu. Kungoti pakamwa patsala pamodzi, ndipo pamenepo pakhoza kudikira.

Alamu anabwera kumapeto kwa mwezi ndi kathumba ka ufa. Tinakhala pakhonde tikusola nyemba zochepa zomwe ndinapeza. Ndi munthu wabwino, koma mphunzitsi salola funso kugona.

"Alamu, ndakhala ndikuganiza. Mukanangomavundikira muja ananenera achimwene, bwenzi zonse zija kulibe. Manyazi aja, dimba lonse lija. Chikhalirecho anapitabe."

"Anapitabe," ndinavomera.

"Ndiye munapindulanji?"

Ndinafuna kuwapatsa yankho la nzeru, la m'Baibulo kapena la akuluakulu, koma m'mutu munalibe. Munali chinthu chimodzi chokha, ndiye ndinawauza chomwecho. Madzulo omaliza aja ndinawaphikira mpiru wa m'dimba momwemo, wothira matimati awiri, ndi kansima ka wokumani. Anadzuka okha n'kutsamira khoma. Anadya pang'onopang'ono mpaka mbale inayera, anapukuta ndi chala, n'kundiyang'ana.

"Anati chiyani?" anafunsa alamu.

"Anati mchere wachepa."